Wachitatu Kuchokera Kumanzere

Lachinayi, belu lomaliza litalira,
ndatsala ndekha ndi makompyuta anayi,
awiri mwa iwo anafa kalekale.
Bambo Motaung andisiyira kapepala pakauntala:
"Ndipezereni kanema wa migodi ya golide,
wosapitirira mphindi khumi, wosagonetsa ana."

Pawindo, kuseri kwa madenga a Rosettenville,
chulu chachikasu cha dothi la mgodi chikuuluza fumbi lake,
lomwe ndimapukuta pamabuku m'mawa uliwonse
ngati ngongole ya makolo.

Ndangolemba mawu awiri m'kabokosi,
zatuluka ngati ngumbi pa nyali:
mnyamata wa mano oyera akugulitsa chuma cha masiku atatu,
mneneri akulosera mtengo wa randi,
nsapato zomwe ndinaziyang'ana kamodzi mwezi watha
zikunditsatabe ngati galu wanjala.
Chakumbali nkhani zikutsika osapuma,
mitu yokhayokha yopanda thupi,
uliwonse ukukuwa kuti unayamba kubadwa ndi iwo.

Buku limadikira pashelefu mwaulemu.
Izi zimakoka malaya.
Ntchito yanga yasanduka lichero:
walemba ndani, walemba liti,
nanga iye akudyapo chiyani?
Madeya achuluka, dzanja lalema.

Kenako uyu, wakale, wopanda mitundu,
wothothoka ngati khoma la nyumba ya lendi.
Amuna pamzere, zifuwa pamtunda,
akukwera sikelo mmodzimmodzi,
dokotala akuwagogoda nthiti ngati wogula mavwende.
Liwu la munthu wosaoneka likuwerenga matani ndi mapaundi.
Dzina ngakhale limodzi palibe.

Ndaimitsa.
Wachitatu kuchokera kumanzere, khutu lopindika,
phewa limodzi lotsika ngati la bambo anga.
Agogo Zakeyu Namaheya anakwera ndege ya Wenela ali ndi mapapo awiri,
anabwerako ndi njinga, chikhothi ndi chifuwa.
Chithunzi chawo kwathu ku Phalombe tilibe.
Ndakulitsa nkhope ija,
yasweka, yasanduka timadontho ta mchenga.
Mwina ndi iwo.
Mwina ndi wa ku Inhambane, mwina wa kumapiri a Lesotho.
Pansi pa nthaka fumbi limagawa nkhope imodzi kwa onse.

Magetsi athima, nthawi yawo yakwana.
Ndakhalabe pamenepo, kuyang'ana galasi lakuda,
mpaka mlonda wagwedeza makiyi pakhomo.

Lachisanu ana makumi anayi adzaza pansi,
akununkha malalanje ndi thukuta la mpira.
Kanema ndayatsa, mawu ndazimitsa.
"Aliyense asankhe munthu mmodzi, amutche dzina,
atiuze anadya chiyani m'mawa umenewo,
anasiya ndani pakhomo."

Poyamba kuseka.
Tshiamo wati wake amaopa mdima koma sanauze munthu.
Yusufu wati wake anabisa singano m'kolala.
Phokoso laphwa lokha, ngati mvula yosiya osatsanzika.

Nomvelo, yemwe sabata yatha anandifunsa mosaipa mtima
kuti kodi kwathu ndibwerera liti,
wayandikira, wagunda galasi ndi chala cha inki,
pamunthu wachitatu kuchokera kumanzere.
"Awa ndi agogo anga," watero, "taonani khutulo.
Kwathu tonse tili nalo."
Wakankha tsitsi lake, wandionetsa.

Ndinali ndi mawu pakamwa.
Ndawameza.
Munthu mmodzi akhoza kukwanira zidzukulu ziwiri
ngati mzinda unamudya osafunsa dzina.

Bambo Motaung ayang'ana wotchi:
pamphindi khumi zija taonera masekondi khumi ndi anayi.
Sanadandaule.

Ana atapita ndatenga khadi la m'kaundula.
Mutu: Migodi. Kalasi: yachisanu ndi chiwiri.
Pamzere wofunsa za omwe akuoneka m'kanemayo
cholembera chaima.
Fumbi lachikasu lalowanso pawindo,
latera pomwepo,
ndipo lero sindinalipukute.